Mbuna: Mbiri ya Nsomba za M'miyala Zomwe Zinkadutsa pa Lilongwe Zili M'mabokosi

Makolo athu atachoka ku Uluwa, dera lomwe lero lili m'dziko la Congo, n'kutsikira kuno, anapeza Akafula ali kale m'mapiri ndi m'madambo. Anapezanso nyanja. Akuluakulu amasimba kuti Kalonga anakhazika likulu lake ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, poti munthu akalawirira ankakasamba m'nyanja dzuwa lisanafike paliwombo. Ena sanakhalitse kuchigwako. Anakwera mtunda n'kukamanga midzi chaku Msinja ndi m'munsi mwa Dzalanyama, komwe mtsinje wa Lilongwe umayambira. Kuyambira pamenepo panakhala anthu a kunyanja ndi anthu a kumtunda, a magazi amodzi koma odziwa madzi mosiyana.

Wa kumtunda nsomba ankaidziwa ngati ndiwo basi. Ankatchera mono pamtsinje, kapena kuthira katupe padziwe madzi akaphwera, n'kutola matemba ndi milamba. Zouma zinkabwera pamutu kuchokera kunyanja n'kudzasinthanitsidwa ndi ufa. Pakhomo pankawetedwa nkhuku, mbuzi, nkhunda ndi galu wosakira. Zoti munthu angasunge nsomba yamoyo kuti azingoiyang'ana, osaidya, palibe amene ankaziganiza n'komwe.

Wa kunyanja ankadziwa zambiri. Chambo, kampango, usipa, utaka, mcheni, bombe, komanso mpasa ndi sanjika zomwe zimakwera mitsinje monga Bua kukaswana mvula ikagwa, iliyonse inali ndi dzina lake, nyengo yake ndi kagwiridwe kake. Koma panali tinsomba tina tomwe msodzi weniweni sankataya nato nthawi. Timakhala m'miyala, momwe ukonde umakodwa n'kung'ambika, ndipo tambiri sitiposa chikhatho kutalika. Ana ndiwo ankatiwedza ndi mbedza akatopa kusambira. Atonga a ku Nkhata Bay ankatitcha mbuna, kwina ankati chindongo.

Amene anavalapo magalasi osambirira n'kuviika nkhope m'madzi pa Otter Point kapena pa chilumba cha Thumbi ku Cape Maclear akudziwa chomwe ndikunena. Pansi pamenepo mwala uliwonse uli ndi mwini wake. Ina ndi yabuluu ya mizere yakuda ngati mbidzi, ina yachikasu, ina yamawangamawanga, ndipo zonse zili kalikiliki kupala ndere pamiyala ndi timano tonga chipeso. Yaimuna imalondera kampanipani kake ka mwala usana wonse, kupirikitsa aliyense wofika pafupi. Yaikazi ikaikira mazira siwasiya pansi. Imawatola ndi pakamwa n'kuwafungatira momwemo pafupifupi milungu itatu, osadya kanthu, mpaka ana ataswa n'kulimba. Chinanso n'choti mbuna sikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya. Yobadwira pamiyala ya chilumba china imakafera pomwepo. Choncho m'zaka zikwizikwi milu yambiri ya miyala inabala mitundu yakeyake, yosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. N'chifukwa chake nyanja yathu, yotalika makilomita oposa 560 ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Akatswiri amaiwerenga m'mazanamazana, ena amati ingafike 1,000.

Mwambo wosunga nsomba kuti munthu azisangalala poziona unachokera kutali. Ku China ankaweta nsomba zofiirira ngati golide m'maiwe ndi m'mitsuko zaka pafupifupi chikwi zapitazo, koma ankaziona kuchokera pamwamba. Galasi ndilo linasintha zinthu. Mu 1850 Robert Warington wa ku London anaonetsa kuti ukaika zomera za m'madzi, nsomba ndi nkhono m'chotengera chimodzi, madzi amakhalitsa osaonongeka. Mu 1853 malo osungira nyama a London Zoo anatsegula nyumba ya nsomba, ndipo chaka chotsatira Philip Henry Gosse anatulutsa buku lomwe linafalitsa mawu oti akwariyamu. Chidwi choyambacho chinali pa za m'nyanja ya mchere. Mabanja ankapita kugombe ndi ndowa kukatola tizamoyo tomata pamiyala, tooneka ngati maluwa, n'kukatiika pabalaza. Popeza kunalibe pampu kapena magetsi, tambiri tinkafa pasanathe milungu ingapo, ndipo anthu anagwa mphwayi.

Zaka zomwezo m'pamene David Livingstone anafika panyanja yathu, mu Seputembala 1859. Mu 1861 anabweranso ndi boti, ndipo mnzake John Kirk anatola nsomba zingapo n'kuumika zikopa zake. Zitafika ku London, Albert Günther anazilemba m'mabuku a sayansi mu 1864, ndipo imodzi mwa izo inali chambo. Koma chikopa chouma sichinena momwe nsomba imawalira ili moyo. Ngakhale zomwe zinkatumizidwa pambuyo pake zili m'mabotolo a mankhwala zinkafika zitatuwa. George Boulenger anapatsa maina mbuna ziwiri zodziwika kwambiri lero, auratus mu 1897 ndi zebra mu 1899, asanazionepo zikusambira. Pali nsomba ina yomwe imagona chammbali pamchenga ngati yafa, tinsomba tikayandikira kuti tiidye n'kutimeza. Asodzi anaitcha kaligono. Ku London anaitcha livingstonii. Ine ndimaona kuti dzina la asodzi ndilo lolondola, chifukwa amene anailipatsa anachita kuiona ndi maso ikuchita zimenezo.

Ethelwynn Trewavas, mayi wogwira ntchito ku British Museum, anasanthula nsomba zikwizikwi zomwe Cuthbert Christy anatola mu 1925 ndi 1926, n'kutulutsa mndandanda waukulu mu 1935. Mu 1939 anabwera mwini wake kudzaiona nyanjayo. Koma amene anayamba kukhalira pamiyala n'kumazionerera anali Geoffrey Fryer, mnyamata yemwe ankagwira ntchito pamalo a kafukufuku wa nsomba ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950. Iye anaona kadyedwe kake, ndewu zake ndi kaswanidwe kake, ndipo zomwe analemba mu 1959 zinalowetsa mawu a Chitonga aja m'sayansi. Lero munthu wa ku Berlin, ku Tokyo kapena ku Chicago amatchula mbuna tsiku ndi tsiku asakudziwa kuti akulankhula Chitonga.

Lilongwe nthawi yonseyi inali kaboma kakang'ono. Atsamunda anamangapo maofesi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, fodya anadzakulitsa malowo m'ma 1920, ndipo amwenye anandandika masitolo komwe lero timati Old Town. Njanji inafika ku Salima mu 1935. Nsomba zinkakwera mtunda panjinga ndi pamalole, zouma ndi zowamba, kukathera pamsika. Palibe amene ankafunsa za mbuna.

Zinthu ziwiri zinatembenuza nkhaniyi: ndege ndi jumbo ya pulasitiki. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kunakhala kotheka kuika nsomba yamoyo m'jumbo, kuthiramo madzi pang'ono, kupoperamo okosijeni, kumanga, n'kukaifikitsa ku Ulaya m'masiku awiri ikadapuma. Nthawi imeneyo oweta nsomba m'magalasi ku Germany ndi ku America ankasirira za m'matanthwe a korali a m'nyanja zotentha, zija zowala mitundumitundu, koma zinkawakanika. Madzi a m'nyanja ya mchere ndi ovuta kuwatsanzira. Lita iliyonse imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35, ndipo si mchere wa pandiwo wokha, muli kashiamu, magineziyamu ndi zina zomwe ziyenera kulingana bwino. Nsomba za kumeneko zinazolowera madzi osasinthasintha, moti kusokonekera pang'ono zimafa. Ndiye chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960 kunatulukira tinsomba tochokera ku Nyasaland, towala chimodzimodzi, tokhala m'miyala chimodzimodzi, koma totha kukhala m'madzi a pampopi ndi kuswana m'galasi momwemo. Ogulitsa anatitcha nsomba za korali za m'madzi opanda mchere, ndipo anthu anatilimbirana.

Peter Davies ndi mkazi wake Henny anali m'gulu la oyamba kutumiza nsombazi kunja kuchokera chakummwera kwa nyanja. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Stuart Grant anakhazikitsa malo ake pa Kambiri ku Senga Bay, ndipo kwa zaka zoposa 30 ambiri kunja akamva za mbuna zochokera m'nyanja mwenimweni ankaganiza za dzina lake. Koma ntchito yeniyeni inali m'manja mwa anyamata a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Iwo ndiwo ankamira ndi paipi ya mpweya yochokera ku injini ya m'boti, kutchinga ukonde pakati pa miyala n'kumakusira nsomba imodziimodzi, kusankha zowala bwino n'kusiya zina. Nsomba ya pansi kwambiri siitulutsidwa nthawi imodzi, chifukwa kathumba ka mpweya ka m'mimba mwake kamafufuma mpaka kuipha. Ankaiika m'diramu n'kumaikweza pang'onopang'ono, mamita ochepa patsiku, nthawi zina masiku angapo. Zikafika kumtunda zinkasungidwa m'matanki, kumanidwa chakudya masiku awiri kapena atatu kuti zisaipitse madzi paulendo, kenako m'majumbo ndi m'mabokosi.

Panachitikanso zolakwika zomwe sizingabwezedwe. M'ma 1960 nsomba zogwidwa chakumpoto zinatayidwa pa chilumba cha Thumbi West. Zinakhazikika, zina n'kuyamba kuswana ndi za pomwepo, ndipo malire omwe mchenga unasunga kwa zaka zikwizikwi anafufutika m'zaka zochepa.

Apa m'pomwe Lilongwe ikulowa m'nkhani. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. Mzinda unagawidwa m'madera a manambala. Kunamangidwa City Centre ndi Capital Hill, ndipo ku Area 10, 12 ndi 43 kunabwera nyumba za mipanda ikuluikulu, kuwonjezera pa za ku Area 3 ndi 9 kufupi ndi Old Town. Mu 1983 bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi linatsegulidwa. Kuchokera ku Senga Bay ndi ulendo wa maola awiri okha, choncho mabokosi aja anayamba kukwera msewu wa Salima. Akafika chapa Kanengo ankakhotera kumpoto, kubwalo la ndege. M'tauni sankalowa n'komwe. Nsomba zomwe dziko lonse linkazilakalaka zinkadutsa pakhomo pathu zitatsekeredwa m'mdima, ife tili pamsika kutsutsana mtengo wa mulu wa usipa.

Zochepa zinkatsala. M'nyumba za akazembe, za ogwira ntchito m'mabungwe akunja ndi za amalonda ena munayamba kupezeka matanki agalasi. Ine ndinaliona koyamba ndili ku pulayimale, ku Area 10, m'nyumba momwe atsibweni anga ankaphika. Eni nyumba anali atapita ku tchuthi, ndipo atsibweniwo anandilowetsa pabalaza nditavula nsapato. Pakona panali galasi lalitali ngati bedi, lodzaza miyala, mkati mukuyaka getsi. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Nditatambasula dzanja anandigwira pamkono.

"Mphwanga, usagogode galasilo. Zimamva."

"Atsibweni, nanga zikakula adzadya?"

"Iyayi. Izi n'zoona ndi maso. Ndipotu n'zakwathu konkuno, za ku Salima."

Kenako anatenga paipi yopyapyala, mbali imodzi m'thanki, inayo n'kuyamwa ndi pakamwa mpaka madzi atayamba kutsikira m'ndowa, uku akuyendetsa paipiyo pamchenga kuchotsa zinyalala. Madzi obwezeramo anali atawatunga dzulo lake n'kuwagoneka m'ndowa zosavundikira. Sukulu sanapite nayo patali, koma ankadziwa kuti madzi a pampopi othira nthawi yomweyo amapha nsomba, ankadziwa yaikazi yofungatira poona kufufuma kwa pakhosi pake, ankadziwanso yomwe ikudwala isanayambe kugona pansi. Ndimakhulupirira kuti m'zaka zimenezo Amalawi ambiri odziwa kusamala akwariyamu mu Lilongwe anali anthu ngati iwowa, ophika ndi osesa m'nyumba za eni, ndipo luso lawo linkatha tsiku lomwe bwana wakwera ndege.

Boma linazindikira kufunika kwa nsombazi. Mu 1980 linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear ndi zilumba zozungulira, malo otetezedwa omwe cholinga chake chachikulu chinali nsomba za m'miyala, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Koma phindu la malondawo linali litayamba kale kusamuka. Mbuna imaswana mosavuta, ndiye amene wagula zochepa safunikanso kubwerera kwa mwini. Chitsanzo chowawa ndi kansomba kachikasu ka ku Lion's Cove, kumpoto kwa Nkhata Bay. Tochepa titatuluka m'dziko muno tinakafika kwa Pierre Brichard ku Burundi, yemwe anatiswanitsa m'maiwe ake n'kuyamba kutigulitsa m'ma 1980 ndi dzina lonamizira kuti n'ta m'nyanja ya Tanganyika. Lero kansombaka kali pafupifupi m'sitolo iliyonse ya nsomba zoweta pa dziko lapansi, ndipo pafupifupi tonse timachokera m'mafamu a ku Florida, ku Asia ndi ku Ulaya.

Dzina limodzi la Mmalawi linalowa m'mabuku, ndipo ndimalitchula monyadira. Mu 1990 Ad Konings, wofufuza wa ku Netherlands yemwe wajambula nsomba za m'nyanjayi kwa zaka zambiri, anatcha kambuna kena saulosi polemekeza Saulos Mwale, mmodzi mwa omira pansi pa madzi a kwa Grant. Kamapezeka pa thanthwe limodzi lokha la pansi pa madzi lotchedwa Taiwanee, kufupi ndi Chizumulu. Kaimuna ndi kabuluu, kakakazi kachikasu, ndipo kukongola komweko kanatsala pang'ono kutha nako, chifukwa kanagwidwa mopyola muyeso. Pambuyo pake anthu anayamba kukaswanitsa m'matanki n'kukabwezera ana pathanthwe pomwepo. Stuart Grant anamwalira mu 2007. Mu 2016 akatswiri anaika saulosi ndi abale ake m'gulu latsopano lomwe analitcha Chindongo, dzina lija la ana owedza pamiyala.

Kunjako oweta za m'nyanja ya mchere sanagonje. M'ma 1960 kunayamba kugulitsidwa mchere wosakaniza kale m'mafakitale. M'ma 1970 ndi 1980 anthu a ku Berlin anapeza njira yomwe ikugwirabe ntchito mpaka lero: miyala yochokera m'nyanja yokhala kale ndi tizilombo toyeretsa madzi, magetsi owala kwambiri, ndi chipangizo chotchedwa protein skimmer chomwe chimachotsa zonyansa ndi thovu. Kuyambira pamenepo korali anayamba kukula m'nyumba za anthu. Kanema wa Finding Nemo wa mu 2003 anachititsa ana a dziko lonse kulirira kansomba ka mizere yoyera, ndipo intaneti itafika m'mafoni athu zithunzi za matanki amenewa zinafikanso ku Lilongwe. Abale athu opita ku Joni anakaona ndi maso ku uShaka Marine World ku Durban, yomwe inatsegulidwa mu 2004, kapena ku Two Oceans Aquarium ku Cape Town, ndipo ena anabwerako mtima utatsala komweko.

Mmodzi wa iwo ndi mnzanga wa ku Area 12. Anagula thanki ya malita 200, ndipo kuti aidzaze koyamba panafunika mchere wa makilogalamu 7, womwe unabwera pabasi kuchokera ku Johannesburg pamodzi ndi mankhwala oyezera madzi. Nyanja ya mchere yapafupi ili ku Mozambique, ulendo wa tsiku lathunthu kapena kuposa, choncho dontho lililonse ankachita kupanga yekha ndi madzi osefedwa mwapadera. Anaphunzira zambiri movutikira. Mu Okutobala madzi amauma msanga koma mchere umatsala, ndiye ukabwezeramo madzi amchere ndiye kuti ukuonjezera mchere pa mchere. Obwezera amayenera kukhala opanda mchere. Anaphunziranso kuti korali, ngakhale amaoneka ngati mwala kapena chomera, ndi tinyama tating'onoting'ono tomanga zigoba za laimu, ndipo m'matupi mwake mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zomwe zimatipangira chakudya kuchokera ku kuwala. Madzi ayenera kukhala pa madigiri 25 kapena 26. Akatentha kufika cha m'ma 30 kwa masiku angapo, korali amalavula nderezo, n'kuyera mbee, kenako kufa. Ankaika mabotolo a madzi oundana m'thanki masana a chilimwe, ndipo mu Juni hita inkayaka usiku wonse, poti Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 ndipo chisanu chake si chamasewera.

Anapirira zaka ziwiri, ndipo thanki yake inali yokongola zedi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Thanki ya korali imapuma ndi magetsi. Pampu ikaima, okosijeni amachepa m'maola ochepa, tizilombo toyeretsa madzi timayamba kufa, amoniya wochokera m'ndowe za nsomba n'kukwera. Tsiku lina anachoka m'mawa, mabatire a inveta anatha iye ali kuntchito, ndipo pobwera anapeza madzi ali mbuu, fungo lili m'nyumba monse. Ndinapita kukamuthandiza kutulutsa miyala. Sitinalankhulane zambiri.

Ine yanga ndi ya mbuna, ndipo sindinganame kuti ilibe mavuto. Oyamba kumene ambiri amalakwitsa sabata yoyamba: kugula galasi lero, kudzaza madzi, mawa n'kuthiramo nsomba khumi. Thanki yatsopano ilibe tizilombo tosandutsa amoniya kukhala naitiraiti, kenako naitireti yemwe saopsa kwambiri, ndipo kuti timere m'sefa pamatenga mwezi kapena kuposerapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi a pampopi ali ndi klorini, choncho ndimachita zomwe atsibweni ankachita, kuwagoneka m'ndowa, ndipo sabata iliyonse ndimasintha gawo limodzi mwa magawo anayi. Sefa ndimaitsuka m'madzi ochokera m'thanki momwemo, osati pampopi, kuti tizilombo tija tisafe. Madzi a m'nyanja yathu alibe asidi, pH yake imakhala cha m'ma 8, ndiye ndimaikamo miyala ya laimu ndi zigoba za nkhono. Ndewu ndiyo imapha zambiri. Amuna awiri a mtundu umodzi m'thanki yaing'ono ndiye kuti mmodzi afa, choncho ndimasunga yaimuna imodzi ndi zazikazi zitatu kapena zinayi, n'kuunjika miyala mpaka pamwamba kuti yothamangitsidwa ipeze pobisala.

Pali nthenda ina yomwe oweta nsomba pa dziko lonse amaitcha Malawi bloat. Nsomba imasiya kudya, imatulutsa ndowe zoyera zonga ulusi, mimba n'kutupa, masiku ochepa yafa. Kawirikawiri gwero lake ndi madzi akuda, kuzunzika ndi chakudya cholakwika. Mbuna ili ndi matumbo aatali opangidwira ndere, ndiye ukamaipatsa zanyama zambiri umaiononga. Zanga ndimazipatsa chakudya chamasamba pang'ono kamodzi patsiku, nthawi zina nsawawa zobiriwira zowiritsa n'kusenda, ndipo ndere zomera pamiyala sindizipala. Zimandiwawa kuti anthu ena kunjako dzina la dziko lathu analimva koyamba pa nthenda ya nsomba, pomwe ana ambiri a ku Kawale kapena ku Area 25 sanaonepo mbuna yamoyo.

Amene akufuna kuyamba adziwe kuti kukatapa nsomba kunyanja mwachisawawa n'kulakwira lamulo. Lamulo la za nsomba limafuna chilolezo cha Dipatimenti ya za Nsomba, ndipo m'madzi a malo otetezedwa aja kugwira n'koletsedwa. Njira yabwino n'kupeza ana oswedwa m'thanki kwa ena oweta kapena kwa ogulitsa ovomerezeka. Ndipo nsomba ya m'galasi isabwezedwe m'nyanja kapena mumtsinje mwachisawawa, poopa kubwereza za pa Thumbi.

Nyanja nayo ili pa mavuto ake. Mu 2018 bungwe la IUCN litaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanjayi linapeza kuti 9 pa 100 iliyonse ili pa chiopsezo chachikulu chotheratu, kuphatikizapo mitundu itatu ya chambo. Chambo chikamasowa, maukonde amasendera kumiyala komwe kale sankafikako, ena mpaka osokedwa ndi maneti a udzudzu. Mitengo ikatha kumtunda kuno, mitsinje monga Linthipe, womwe umalandira madzi a Lilongwe, imatsitsira matope m'nyanja, matopewo n'kukwirira ndere za pamiyala. Pa zilumba za Maleri, pafupi ndi pomwe Linthipe amathirira, osamala zachilengedwe anamiza zipangizo zokola maukonde kuti ateteze nsomba. Ku chilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Makanjira ku Salima komweko, mafumu akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera.

M'tauni muno matanki akuonekako tsopano m'mahotela, m'maofesi ena a ku City Centre ndi m'nyumba za Amalawi eni ake, ngakhale ambiri amakhala ndi nsomba zagolide zochokera kunja. Kapampu ka mpweya koyendera batire kakupezeka. Mnzanga wa ku Area 12 uja anatsuka galasi lake n'kulidzaza ndi miyala ya kuno. Ndinamupatsa ana asanu ndi mmodzi a m'thanki yanga.

Ana amenewo anabadwa mu Julayi, mwezi wozizira. Mayi wawo anali atafungatira masiku 18 pamene magetsi anazima madzulo, batire ya kapampu nayo itatha. Ndinafunditsa thanki ndi bulangete, kusiya mbali imodzi, ndipo ine ndi mwana wa mlongo wanga tinkasinthana kutunga madzi ndi kapu m'thanki momwemo n'kuwathira kuchokera m'mwamba kuti alowe mpweya. Tinaunikira ndi foni. Yaikaziyo inali phee kuseri kwa mwala, pakhosi pali tu, ikutafuna pang'onopang'ono ngati nkhalamba yopanda mano, kutembenuza ana m'kamwa. Magetsi anayaka chakumbandakucha. Patatha masiku atatu mwanayo anandiitana ndili kubafa.

"Amalume, bwerani msanga, yalavula!"

Tinawerenga kawiri, zala zili pagalasi koma osagogoda. Tiana tinalipo 14, kalikonse kosaposa njere ya mpunga, ndipo mthunzi wa dzanja langa utadutsa pamwamba pa madzi tonse tinathamangira kukamwa kwa mayi wawo.